Kalipentala wa ku Ndirande akupita ku Leeds: anyamule zida ziti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ndirande. Dzina ndabisa, mawu ena ndafupikitsa:

"Mayi a kunyumba ndi namwino, ali ku Leeds, ku UK, chaka chachiwiri tsopano, ndipo mapepala oti ndikawapeze atuluka. Ine ndine kalipentala, ndakhoma mipando ndi zitseko zaka 14. Ndili ndi makina ochekera matabwa, giraindala, drill ziwiri, puleni ya malemu bambo anga, matchizulo, masowo ndi makalampu. Mtima sukundilola kusiya chilichonse. Ndinyamule ziti?"

Achimwene, vuto lanulo ndikulidziwa. Inenso usiku woti mawa ndinyamuka kubwera kuno ku UK ndinali chikhalire pansi pakati pa zitsulo, nditabwereka sikelo ya mayi wogulitsa nyemba, ndikuika ichi, kuchotsa icho. Ndiye ndikuyankhani mosapsatira: nyamulani zida zing'onozing'ono zomwe dzanja lanu linazolowera, zamagetsi zolemerazo zitsale kumudzi.

Ambiri amada nkhawa ndi magetsi, koma pamenepo inu muli ndi mwayi. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V ngati a kwathu, ndipo pulagi yake ndi yomweyo ya mano atatu amakona. Giraindala yanu mutaibaya pakhoma ku Leeds ingalire monga imalirira ku Ndirande. Amene ali pa vuto lenileni ndi opita ku America kapena ku Canada, komwe magetsi ndi 120V. Opita ku Joni mphamvu ndi yofanana, angosintha pulagi chifukwa kumeneko mano ake ndi obulungira.

Nanga bwanji ndikuti musiye? Chifukwa malo omwe mukapeze ntchito sadzakulolani kuzigwiritsa ntchito. Pa malo omanga nyumba kuno, zida za nthambo zimakhala za 110V. Mapulagi ake ndi achikasu, obulungira, ndipo amabayidwa pa thiransifoma yachikasu yolemera ngati thumba la simenti lotsala theka. Anakonza dala kuti nthambo ikaduka kapena ikanyowa, magetsi ofika m'thupi la munthu asapose 55V. Mukatulutsa drill yanu ya 230V, kapitawo angokuuzani kuti mubwezere m'chikwama. Ndiye mudzakhala mutanyamula makilogalamu asanu kuchokera ku Chileka kudzera ku Addis Ababa kuti chinthucho chizikagona pansi pa bedi.

Za makina ochekerawo ndiye tisatayepo nthawi. Ngati ali ngati omwe ndikuwaganiza, mota yomangirira kunsi kwa tebulo, lamba wake ali poyera, mpeni wopanda chotchinga, amenewo ndi a ku Ndirande komweko. Amadyetsa banja, ndikudziwa, koma kuno sangaloledwe pa ntchito iliyonse. Komanso mukawaika kuti? Mayi a kunyumba ayenera kuti akukhala m'kanyumba ka lendi, khoma limodzi ndi oyandikana nawo. Kuliza makina m'menemo Loweruka m'mawa ndi kuitana mwini nyumba.

Palinso nkhani ya mtengo, imene ambiri saiganizira. Giraindala yomweyo ili ndi mtengo waukulu ku Blantyre kuposa ku Leeds. Kwathu chida chimabwera ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa, kuphatikizapo msonkho ndi thiransipoti. Kuno mungolowa m'masitolo a zida ngati Screwfix kapena Toolstation, kapena kupeza chogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook Marketplace, malipiro a tsiku limodzi kapena awiri mwagula. Kuchotsa chida komwe chili chosowa n'kupita nacho komwe chili mbwee ndi kutaya ndalama kawiri. Gulitsani, kapena mupatseni mnyamata yemwe mwakhala mukumuphunzitsa ntchito. Koma chonde, mawu akhale omveka: mwamupatsa kapena mwamugulitsa. Zoti "uzingondisungira" zimadanitsa abale. Ine ndinasiya choncho kwa msuweni wanga, ndipo nditapita kukacheza ndinapeza zida zili m'makomo atatu osiyana, aliyense akunena kuti anagula.

Tsopano zoti zikwere ndege.

Puleni ya malemu bambo anu ikhale yoyamba kulowa m'chikwama. Itembenuzeni, muwerenge zomwe zinalembedwa pachitsulopo. Mapuleni ambiri akale omwe ali m'manja mwa amisiri kwathu ndi a Stanley kapena Record, ndipo ochuluka anapangidwa ku Sheffield, mzinda womwe uli pafupi ndi Leeds, ulendo wosakwana ola ndi theka. Mwina puleniyo ikungobwerera kwawo. Ya nambala 4 imalemera pafupifupi makilogalamu awiri basi. Chotsani mpeni wake, muukulunge paokha m'kansalu kodontheza mafuta, thupi lake mulipachike pakati pa majuzi, chifukwa chitsulo chotere chikagwa pansi chimasweka, sichipindika.

Matchizulo tengani onse abwino, pamodzi ndi mwala wanu wonolera. Apa ndiye pagona chuma chanu chenicheni. Achinyamata ambiri omwe ndagwira nawo ntchito kuno ndi akatswiri pa makina, koma apatseni tchizulo chobuntha muone. Tsiku lina tinkakonza chitseko chakale chomwe chinafufuma ndi chinyezi, mnzanga akudikira batire kuti idzaze. Ine ndinatenga puleni, kupala katatu m'mphepete, chitseko n'kutseka bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo kapitawo ankandiitana pa ntchito zonse za zitseko. Kungoti dziwani kuti mbawa ndi mlombwa mukazisowa. Kuno ndi paini wofewa, plywood ndi MDF (matabwa opangidwa ndi utuchi woumbidwa ndi guluu), ndipo MDF imabunthitsa mpeni msanga, mwala wonolerawo sudzapuma.

Sikweya yomwe mumaikhulupirira, chojambulira mizere, hamala yomwe mpini wake unatenga kale maonekedwe a chikhatho chanu, zonsezo tengani. Tepi onetsetsani kuti ili ndi mamilimita, chifukwa mapulani kuno amalembedwa m'mamilimita, ngakhale akuluakulu pakamwa amatchulabe mainchi ngati ife. Masowo sankhani imodzi, ija mumanola nokha ndi fayilo. Ambiri ogulitsidwa kuno mano ake ndi olimbitsidwa, sanoleka, akatha amangotayidwa, ndipo ndi otchipa. Makalampu ataliatali asiyeni: ndi olemera, m'sutukesi sakwana.

Pa drill ziwirizo simunanene ngati ina ndi ya batire. Ngati ili ya batire, ndipo ndi Makita kapena DeWalt yeniyeni ya 18V, imeneyo tengani, chifukwa zida za batire ndi zomwe zadzaza pa ntchito masiku ano, ndipo mabatire ake amapezeka paliponse. Koma samalani ndi lamulo la ndege. Batire ya lithium yomwe yachotsedwa pa chida siloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege, iyenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Malire ake ndi 100Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga). Kuwerengera kwake n'kosavuta: mavolti kuchulukitsa ndi nambala ya Ah yolembedwa pa batirepo. Ya 18V, 5Ah imakhala 90Wh, imadutsa. Yoposa 100 mpaka 160 imafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Matani tepi pa timano take kuti tisakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Zakuthwa ndiye mosemphana: zonse kunsi kwa ndege. Ine pa bwalo lina la ndege pomwe tinkasinthira, ndinapezeka ndi matchizulo awiri m'chikwama cha m'manja. Ndinawaika mmenemo dala poopa kuti sutukesi ingasochere. Wachitetezo anawanyamula ndi zala ziwiri n'kuwaponya m'bini ine ndikuona. Limodzi linali la theka la inchi lomwe ndinagula ndi malipiro anga oyamba. Guluu, vanishi, penti ndi mankhwala osungunulira penti musayese n'komwe, kaya m'manja kaya kunsi. Ndipo onani tikiti yanu bwino. Nthawi zambiri chikwama chimodzi sichiyenera kupitirira makilogalamu 23. Gawani zitsulo m'zikwama zonse, kuopa kukamasula katundu pa kauntala, anthu akuonerera zovala zanu zamkati.

Za msonkho musaope kwambiri. Munthu wosamukira ku UK akhoza kupempha kuti katundu wake alowe popanda msonkho, kudzera pa fomu yotchedwa ToR1 yomwe imadzazidwa pa intaneti, bola akhale kuti wakhala kunja kwa dzikolo miyezi 12 ndipo katunduyo wakhala naye miyezi isanu ndi umodzi. Izi zimathandiza makamaka mukamatumiza katundu padera. Koma pa zida za kalipentala, kutumiza pa sitima kudzera ku Beira kapena ku Dar es Salaam ine sindikuonapo phindu.

Chinthu chimodzi simunachitchule m'kalata yanu, chonsecho n'chimene chidzakutsegulireni geti: mapepala. Malo ambiri omanga salola munthu wopanda khadi la CSCS, losonyeza kuti ndi woyenera kugwira ntchito pamalopo, ndipo kuti mulipeze mumayamba mwakhoza mayeso a zaumoyo ndi chitetezo a CITB, bungwe loona za maphunziro a ntchito zomanga. Khadi la buluu, la amisiri, limafuna umboni wa maphunziro a ntchitoyo, ngati setifiketi ya kuno yotchedwa NVQ Level 2. Ndiye setifiketi yanu ya Trade Test kapena ya TEVETA, makalata ochokera kwa omwe munawagwirira ntchito, zonsezo ziikeni m'pulasitiki, zikhale m'chikwama cha m'manja. Masabata otsalawa yendani m'makomo momwe muli zitseko ndi makabati anu, mupemphe kujambula. Jambulaninso pafupi, pomwe matabwa alumikizana, chifukwa wodziwa ntchito amayang'ana pamenepo.

Mukafika, puleni ndi matchizulo musakazisunge m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Chinyezi cha kuno si cha ku Ndirande. Zanga ndinazisiya m'menemo kuyambira Novembala, pofika Febuluwale zinali zitafiira ndi dzimbiri, ndipo ndinatha Lamlungu lathunthu ndikupala ndi sandipepa pa tebulo la kukhitchini, mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa.