Nkhuku ya amayi ndi funso la Khirisimasi

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku magetsi atathima, ine ndikuwerenga pa foni imene batire lake linali pafupi kutha. Yachokera kwa mayi wina wa ku Mtendere. Amuna awo analowa mpingo wina chaka chino, ndipo alamula kuti m'nyumba mwawo Khirisimasi basi, Pasakanso basi, chifukwa zonsezo n'zachikunja. Ana akulira. Funso lawo n'lakuti, "Kodi zikondwerero zimenezi zilimodi m'Baibulo, kapena akhala akutinamiza?"

Mayi, usiku umenewo sindinakuyankheni. Bambo amene mukunenawo ndikuwadziwa, chifukwa zaka zoposa 20 zapitazo ndinali ine.

Ndinakulira ku Katete. Kwathu Disembala ndi mwezi wopalira, nkhokwe itayamba kuonekera pansi, ndiwo zili nkhwani m'mawa nkhwani madzulo. Koma amayi ankasunga tambala mmodzi kuyambira nthawi yokolola, ndipo ngakhale kubwere mlendo wotani, tambalayo sankakhudzidwa. Mpunga tinkaulawa kawiri pachaka, pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere. M'mawa tiyi wamkaka ndi mabanzi, kenako kutchalitchi titavala malaya onunkhabe sitolo, pobwerera tikukuwira aliyense wodutsa kuti "Khirisimasi bokosi!"

Nditakwanitsa zaka 19 ndinabwera kuno ku Lusaka, ndikukhala kwa amalume ku Matero. Ndinalowa kagulu ka achinyamata opemphera usiku wonse, ndipo mnyamata wina anandipatsa timapepala tofotokoza kuti pa 25 Disembala ndi tsiku la mulungu wa dzuwa. Ndinatiwerenga mpaka tinang'ambika m'mopinda. Disembala wa chaka chimenecho ndinakwera basi pa Intercity, ndipo pamene tinkawoloka mlatho wa Luangwa n'kuti ulaliki wanga wapsa kale m'mutu. Tsiku litafika, amayi anandiikira mbale: mpunga, msuzi, ndi ntchafu, chiwalo chimene kale chinali cha abambo okha. Ine ndinaikankha n'kunena kuti sindidya zoperekedwa kwa mafano. Amayi sanayankhe. Anatenga mbale ina, n'kuvundikira, n'kukaika pamwamba pa kabati. Abambo, amene anali mkulu wa mpingo, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Iwe, nkhuku iyi yakulira pakhomo pano ine ndikuona. Dzuwa lakolo lailawa liti?" Madzulo ndinadya nsima yozizira ndi nkhwani, mumtima ndikudzimva ngati Danieli ku Babulo. Ndinachita zimenezi zaka zitatu. Chaka chachinayi amayi kunalibe.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti timapepala tija sitinaname zonse. Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa. Nkhani ya kubadwa kwake ili mu Mateyu ndi Luka mokha. Maliko ndi Yohane sailemba n'komwe. Luka akuti abusa anali kubusa usiku, koma mwezi satchula. Mateyu sanena kuti anzeru a kum'mawa anali atatu, zitatu ndi mphatso, ndipo iwo anapeza mwanayo m'nyumba, osati m'khola monga timachitira m'masewero a Sande sukulu. Palibe pamene Petulo kapena Paulo akuuza mpingo kuti uzikumbukira kubadwa kwa Ambuye. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, ankanyoza ndithu mwambo wokondwerera tsiku lobadwa, ati m'Malemba ochita zimenezo ndi Farao ndi Herode. Clement, wa ku Alexandria komweko, analemba cha m'ma 200 kuti anthu ena ankawerengetsa n'kupeza masiku osiyanasiyana, ena mu Meyi, ena mu Epulo. Disembala sanamutchule. Umboni woyamba wodalirika wa 25 Disembala uli m'kalendala ya ku Rome ya mu 354, imene ikusonyeza kuti Akhristu akumeneko ankasunga tsikuli pofika 336. Mlaliki wotchuka John Chrysostom, polalikira ku Antioch cha m'ma 386, ananena kuti chikondwererochi chinali chisanathe zaka 10 chifikireni kwawoko. Mpaka lero Akhristu a ku Armenia amachita pa 6 Januwale, a ku Ethiopia ndi Egypt pa 7 Januwale. Ndiye mbusa akaima pa guwa n'kunena motsindika kuti "lero lenileni Yesu anabadwa," akunama, ndipo ndimafuna ataleka, chifukwa bodza laling'ono limeneli ndi limene limapatsa mphamvu anyamata ngati ine wa nthawi ija.

Koma za dzuwa zija, timapepala tinangondipatsa theka. N'zoona kuti Aroma anali ndi phwando la Saturnalia kuyambira pa 17 Disembala, ndipo mfumu Aurelian inamangira kachisi mulungu wa dzuwa, Sol Invictus, mu 274. Akatswiri ena amati mpingo unasankha tsikuli kuti uphimbe maphwando amenewo. Komano ena amaloza kuwerengetsa kwa Akhristu eni ake: ankakhulupirira kuti Yesu anafa pa 25 Malichi, ndi kuti tsiku lomwelo ndi limene Mariya anatenga pathupi. Wonjezani miyezi 9, muona pamene mwafika. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, analemba zimenezi. Akatswiri akukanganabe, koma mnyamata wa ku Matero uja analibe chikayiko ngakhale pang'ono.

Ndipo tiyerekeze kuti a dzuwawo ndiwo akulondola. Nanga ndiye bwanji? Mayi anga sanamvepo za Aurelian. Ankadzuka tambala woyamba, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, kuimba nyimbo za kubadwa kwa Mpulumutsi, n'kutumiza mbale kwa agogo ena osayenda a kuseri kwa dambo. Munthu andiuze kuti pamenepo fano lili pati. Yohane 10:22 akuti Yesu anali m'Kachisi pa chikondwerero chokumbukira kupatulidwanso kwa Kachisiyo. Chikondwerero chimenecho m'chilamulo cha Mose mulibe, chinayamba nthawi ya Amakabeo, Ayuda amene anamenya nkhondo n'kulanditsa Kachisiyo, mu 164 Yesu asanabadwe, koma sitiwerenga kuti anachidzudzula. Paulo pa Aroma 14:5 ndi 6 akuti wina amalemekeza tsiku lina, wina amaona masiku onse chimodzimodzi, ndipo aliyense akhazikike mumtima mwake. Vesi limeneli limateteza amuna anu, mayi. Safunika kukakamizidwa. Koma limakutetezaninso inuyo, ndipo apa ndiye sindinyengerera: kukana wekha ndi ufulu, koma kulanda ana mpunga kuti iwe uoneke woyera ndi nkhanza yovala jekete la kutchalitchi.

Mkanganowu si wa lero ayi. Nyumba ya malamulo ya ku England inaletsa Khirisimasi mu 1647, ndipo ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, tsikuli linakhala la tchuthi mu 1958. A Mboni za Yehova nawo ankakondwerera mpaka m'ma 1920, kenako analeka. Anansi anga ku Chilenje ndi a Mboni, anthu aulemu kwambiri, ndipo pa 25 timapatsana moni monga tsiku lina lililonse. Amene amandinyansa ine ndi ena. Pitani m'mamolo a mu Great East Road muone thonje lomata pagalasi ati chipale chofewa, ndi mnyamata wovala zofiira ndi ndevu zabodza, thukuta lili kamukamu. Mtengo wokongoletsa uja ndi mwambo wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1500. Father Christmas wa masiku ano, amene ena amati Santa Claus, anachokera kwa Nicholas, bishopu wa ku Myra wa m'zaka za m'ma 300, koma amalonda anamunenepetsa mpaka mwini wake sangadzizindikire. Kwinaku bambo watenga kaloba kuti agule makireti, wagona m'ngalande pa 26, Januwale lendi palibe, yunifolomu ya mwana palibe. Ngati pali chikunja m'Khirisimasi ya mu Lusaka, chili pamenepo. Sichili mu mphika wa nkhuku.

Nanga Pasaka?

Apa amuna anu aphonya kwambiri. Pasaka mizu yake ndi yakuya kuposa Khirisimasi. Dzina lenilenilo likuchokera ku Paskha wa Ayuda wa pa Eksodo 12, Yesu anafa pa nyengo imeneyo, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 5:7 amatcha Khristu Paskha wathu. Pofika m'zaka za m'ma 100 Akhristu sankakangana zoti azisunga kapena ayi, ankakangana za tsiku. Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, amene akuti anaphunzira kwa mtumwi Yohane, anapita ku Rome cha m'ma 155 kukaonana ndi bishopu Anicetus. Polycarp ankasunga pa 14 mwezi wa Nisani monga Ayuda, a ku Rome ankatsata mwambo wina. Sanagwirizane, komabe anasiyana mwamtendere, Anicetus atamupatsa mlendoyo ulemu wotsogolera Mgonero. Msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea mu 325 ndi umene unalimbikitsa kuti onse azichita tsiku limodzi. Zoti ndi phwando la mulungu wamkazi zimachokera pa dzina lachingelezi lakuti Easter, limene mmonke Bede, m'zaka za m'ma 700, anati linachokera kwa Eostre. Limenelo ndi vuto la chilankhulo cha Angelezi. Agiriki amati Pascha, ife timati Pasaka. Akalulu ndi mazira a chokoleti m'Malemba mulibe, ndipo ku Katete sitinawaonepo.

Nkhani ya Polycarp ndinaiwerenga mochedwa, amayi atagona kale kumanda. Mng'ono wanga anandiuza pamaliro kuti mbale ija inkakhala pa kabati mpaka m'mawa, chaka chilichonse, mwina ndisintha maganizo usiku. Iye ndi amene ankadya ntchafuyo pa 26, ndipo akuti sinkakoma.

Tsono mayi, musakangane nawo pamaso pa ana. Dikirani tsiku limene mitima ili pansi, muwerenge limodzi Aroma 14, muwavomereze kuti tsikulo m'Baibulo mulibedi, kenako muwapemphe kuti iwo asadye ngati safuna koma ana adye. Zikavuta itanani ankhoswe. Pa 25 phikani, ndipo mbale yawo muivundikire, muiike pamwamba.