Kwa achemwali amene bwenzi lawo likudikira uthenga wochokera ku Goma

Achemwali, mwafunsa ngati chikondi chingapirire pamene alamu athu, amene kwawo ndi ku Goma, mzinda wa kum'mawa kwa dziko la Congo, sakudziwa kumene kuli amayi awo ndi alongo awo kuyambira pamene gulu loukira boma la M23 linalanda mzindawo mu Januwale 2025, ndipo tsopano apempha kuti chinkhoswe chiyambe chaima. Mwatinso anzanu ena ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, akukuuzani kuti mwamuna amene wasiya kuseka ndiye kuti wasiya kukonda. Ine sindikugwirizana nawo anzanuwo, ndipo ndikupemphani kuti musafulumire kuwamvera.

Munthu amene mayi ake asowa pa nkhondo ali pa maliro opanda mtembo. Sangalire mokwanira chifukwa mwina mayiyo ali moyo, komanso sangavine pa chinkhoswe chifukwa mwina anamwalira. Nkhondoyo si yongomva pa wailesi ayi, popeza asilikali athu a Malawi Defence Force, pamodzi ndi a dziko lino la South Africa, anafera komweko ali pa ntchito ya SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa. Mzindawo utalandidwa, bwalo la ndege ndi mabanki zinatsekedwa, moti ngakhale mwana amene akugwira ntchito kuno ku Johannesburg ndipo ali ndi kangachepe m'thumba amavutika kuti akafikitse kwa makolo ake. Kwa mwamuna woleredwa ndi mwambo woti mwana asamale amayi ake, kulephera kumeneku kumapweteka kuposa njala, ndipo kawirikawiri ululu wotere umaoneka ngati kuuma mtima.

Ife Amalawi nkhani imeneyi tinaiona ndi maso. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu loukira la RENAMO ku Mozambique inayamba mu 1977 ndipo inatha pamene mbali ziwirizo zinasaina pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo dziko lathu, losauka chomwecho, linalandira anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ku Nsanje, ku Mulanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza, ambiri sanayambire m'makampu koma m'midzi, kumene mafumu anawapatsa malo omangapo ndipo mabanja anagawana nawo ufa. Anthu anakwatirana, ana anabadwa ndi kupatsidwa mayina a agogo amene anatsala kutsidya. Chimene chinkasunga mabanja amenewo sichinali mawu okoma, koma ntchito za tsiku ndi tsiku: kufunsa mlendo aliyense wodutsa malire ngati anaonako uje, kusunga mbewu za chaka chamawa, kutumiza mwana kusukulu ngakhale sakudziwa kuti adzabwerera liti. Mtendere utabwera, ambiri anabwerera kwawo ndipo ena anakapeza abale amene anali atawalira kale. Ena sanawapeze, ndipo ichi sindingakubisireni. Lero lomwe ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kuli anthu oposa 50,000 ochokera makamaka ku Congo, Burundi ndi Rwanda, maukwati akumangidwabe.

Choncho, m'malo mowafunsa alamu athu ngati amakukondanibe, funso limene panopa alibe mphamvu yoliyankha, apezereni njira yoti chiyembekezo chawo chigwire ntchito. Bungwe la Red Cross lili ndi ntchito yofufuza ndi kulumikizanitsa abale amene anasiyana chifukwa cha nkhondo, ndipo ntchitoyi salipiritsa. Khalani nawo pansi, mulembe mayina onse a amayi ndi alongo awo, zaka zawo, dera limene ankakhala, tsiku limene analankhulana komaliza, mutenge ndi zithunzi ngati zilipo, kenako mupite nawo limodzi. Ku Yeoville, konkuno ku Johannesburg, kuli mipingo yambiri ya anthu a ku Congo, ndipo uthenga wa kwawo nthawi zambiri umafika kumeneko msanga. Aperekezeni ngakhale simukumva Chiswahili kapena Chifalansa.

Za chinkhoswe, musasenze nokha nkhaniyi. Auzeni ankhoswe anu zoona zake, kuti mbali zonse ziwiri zigwirizane nthawi yodzakumananso, kaya pakatha miyezi itatu kaya isanu ndi umodzi, chifukwa kudikira kopanda tsiku kumafooketsa mkazi aliyense, ndipo inunso mtima wanu ukufunika kuusamala. Mukaona kuti alamu athu sakugona, sakudya, kapena ayamba kumwa kwambiri, apititseni kukiliniki kapena kwa abusa amene amawakhulupirira, ndipo musadikire kuti adzapemphe okha.