Ma email a kulikulu aja musamangowafufuta

Mwafunsa ngati inu, supavaiza watsopano, mungamangofufuta ma email a kulikulu osawatsegula. Ayi achemwali, ma email otumizidwa kwa mabwana amenewo muziwatsegula, ngakhale ambiri amakhala a malo oimika galimoto ndi phwando la wina amene akupuma ntchito. Chimene chingakugwetseni amachiika pakati pomwepo, ndime yachisanu, m'chikalata chofika Lachisanu 4 koloko madzulo. Tsiku la mlandu a HR, a ku ofesi yoona za antchito, sadzafunsa ngati munawerenga, adzangotulutsa deti lomwe anatumiza.

Supavaiza watsopano ku ofesi za boma zothandiza anthu kuno ku America amagwera kwambiri pa FMLA, lamulo la 1993 lopatsa wantchito masabata 12 a tchuthi chosalipidwa iye kapena wapabanja akadwala kwambiri. Zimayamba pang'onopang'ono. Wantchito wanu wa mafayilo a SNAP (thandizo la chakudya) ndi Medicaid (thandizo la kuchipatala) wayamba kujomba, lero tsiku limodzi, sabata yamawa awiri. Tsiku lina akukuuzani ali pakhomo la ofesi kuti mayi ake agonekedwa m'chipatala ndipo wowadwazika ndi iyeyo. Sanatchule FMLA, ndipo lamulo silimukakamiza kutchula. Inu mwati pepani, basi. Komatu kuyambira pamenepo ofesi yonse imatengedwa kuti yadziwa, ndipo pasanathe masiku 5 ogwira ntchito wantchitoyo amayenera kuuzidwa ngati akuyenera tchuthicho, pa fomu WH-381 kapena ina yofanana nayo. Ngati wagwira miyezi 12 ndi maola 1,250 m'chaka chapitachi, kawirikawiri ndiye kuti akuyenera.

Mwezi watha, mafayilo ake aunjikana. A SNAP oyenera kutha m'masiku 30 apitirira, achangu a masiku 7 nawonso, abwana akuimba foni lipoti lili m'manja. Mtima wapsa, mwamulembera chenjezo la kujomba. Kenako mukuitanidwa m'kachipinda kopanda zenera: a HR uku, woimira union (bungwe la antchito) uko, kalata yanu ili patebulo, masiku munalemba aja akuwachonga limodzilimodzi kuti ndi otetezedwa ndi lamulo. A HR omwewo amene sayankha foni, lero akufunsa mwaulemu kwambiri chifukwa chake simunawadziwitse. Abwana amene ankakukankhani pa manambala angoti zii, maso pa laputopu. Zimandinyansa kwabasi. Munthu amamukweza chifukwa ankathamangitsa mafayilo, kumupatsa kavidiyo ka pa intaneti kongodinadina, ndiye akuti waphunzitsidwa malamulo a ntchito!

Choncho a HR musawadalire. Koma chilichonse muziwatumizira tsiku lomwelo, mizere iwiri yokha: uje wandiuza lero kuti akufuna nthawi chifukwa cha matenda pabanja, chonde onani za FMLA. Dzina la matenda musalembe, musafunse n'komwe. Dokotala wake musamuimbire, lamulo limaletsa supavaiza wake weniweni kutero. Wantchito amapatsidwa masiku osachepera 15 kuti abweretse umboni wa dokotala, WH-380-E ngati wodwala ndi iye, WH-380-F ngati ndi wapabanja. Fomu ikabwera yoperewera amawonjezeredwa masiku 7 kuti aikonze, ndipo yankho lomaliza limatuluka pa WH-382. Akakupatsirani inu pepala la kuchipatala, lipite ku HR, osati m'dirowa mwanu, chifukwa mapepala otere amasungidwa padera ndi fayilo ya ntchito. Kumbukiraninso kuti tchuthichi munthu akhoza kuchitenga chodukizaduka, maola ochepa apa tsiku apo, ndipo pamenepo ndi pomwe timesheet imasokonekera.

Mafayilo ake agaweni sabata yomweyo, musadikire kuti abwera Lolemba. Yambani ndi achangu a masiku 7, kenako amene atsala pang'ono kufika 30, a Medicaid ambiri ali ndi masiku 45. Anzake akagwira kupitirira maola 40 pa sabata, amene lamulo la malipiro ndi maola a ntchito la FLSA limawapatsa ovataimu alembereni ndithu. Ofesi za boma zimaloledwa kupereka nthawi yopuma m'malo mwa ndalama, ola ndi theka pa ola lililonse, koma kwa ambiri imathera pa maola 240.

Za ma email aja, kunena zoona musawerenge onse, simungagwire ntchito. Fufuzani okhala ndi deti loyambira lamulo kapena fomu yatsopano, muwaike mu foda yawoyawo. Lamulo la amayi oyembekezera la PWFA linayamba pa 27 June 2023, ndipo zotere zimafika m'njira yomweyi. Onaninso pangano la union ndi malamulo a state yanu, chifukwa ku California, Washington ndi Massachusetts kuli tchuthi cholipidwa pamwamba pa FMLA, ndipo mafomu ake ndi ena.