Masheya a tekinoloje: mwafunsa, tayankha

Funso: Akonzi, kulikonse anthu akungokamba za masheya a Nvidia, Apple ndi Microsoft kuti akukwera modabwitsa. Ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono. Kodi ndiziike zonse m'masheya amenewa kuti zibereke msanga? — Mayi wina

Yankho: Zikomo mayi. Kugulako si kolakwika, koma zonse ayi.

Kampani ikhoza kukhala yabwino zedi, sheya yake n'kukhala yodula mopitirira. Wogula sheya ya kampani yokula mofulumira amalipiratu phindu lomwe kampaniyo sinapezebe. Kuti muone zimenezi, yang'anani nambala yotchedwa P/E: mtengo wa sheya imodzi muugawe ndi phindu lomwe kampaniyo yapeza pa sheya imodzi chaka chathunthu. Sheya ya madola 100 yomwe phindu lake ndi madola 2 ili ndi P/E ya 50. Ndiye kuti phindulo litaima pomwepo, pangapite zaka 50 kampaniyo isanapange ndalama yofanana ndi yomwe mwapereka. Anthu amalolera mtengo wotere chifukwa akukhulupirira kuti phindu lizichuluka chaka ndi chaka. Chikhulupiriro chimenecho chikangogwedezeka, mtengo umagwa osakupatsani mpata wothawa. Mu Epulo 2022, Netflix italengeza kuti olembetsa ake achepa ndi 200,000 m'miyezi itatu, sheya yake inatsika ndi pafupifupi 35 peresenti tsiku limodzi.

Zoterezi zinachitikapo pamsika wonse. Mu Malichi 2000, mlingo wa Nasdaq, msika wa masheya wa ku America komwe kuli makampani ambiri a tekinoloje, unadutsa 5,000 aliyense akuthamangira makampani a intaneti. Pofika Okutobala 2002 unali utagwa ndi pafupifupi 78 peresenti, ndipo sunabwerere pomwe unali mpaka 2015. Sheya ya Amazon inatsika ndi 90 peresenti n'kupitirira, ngakhale kampaniyo inapulumuka. Pets.com inalowa pamsika mu 2000 n'kutseka chaka chomwecho. Amene ankati intaneti isintha dziko sananame. Chinawapweteka ndi mtengo womwe anagulira, komanso kusadziwa kuti ndi kampani iti idzatsale.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi chiwongoladzanja. Banki yaikulu ya America, Federal Reserve, ikachikweza, anthu amayamba kupeza phindu labwino pongobwereketsa ndalama ku boma, motero phindu la tekinoloje lomwe lidzabwere patapita zaka khumi limasiya kukopa. Mu 2022 chinakwezedwa kangapo, Nasdaq n'kutsika ndi pafupifupi 33 peresenti chaka chimenecho, sheya ya Meta, mwini wake wa Facebook, n'kutaya zoposa 60 peresenti.

Ndiye chitani izi. Patulani kaye ndalama zokwanira kudyera ndi kulipira zofunika kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, zisakhudzidwe. Ndalama yomwe mudzaifune zaka zisanu zisanathe isalowe m'masheya amenewa, ndipo ya ngongole musaiyandikitse n'komwe. Pa zotsalazo, ife timalangiza kuti kampani imodzi isadye zoposa 5 peresenti. Itagwa ndi 70 peresenti, mwataya 3.5 peresenti ya zotsalazo, mukhoza kupitiriza. Kumbukirani kuti sheya yomwe yagwa ndi theka imayenera kukwera ndi 100 peresenti kuti mungobwerera pomwe munayambira. Gulaninso pang'onopang'ono, ndalama yofanana mwezi uliwonse, kuti musaponye zonse tsiku lomwe mtengo uli pamwamba penipeni.

Funso: Ine ndilibe nthawi yowerenga malipoti a makampani. Pali njira ina? Nanga broker wodalirika ndingamudziwe bwanji? — Bambo wina

Yankho: Ilipo bambo. Gulani ETF, thumba lomwe limagulitsidwa pamsika ngati sheya imodzi koma m'kati mwake muli makampani ambiri. QQQ ya Invesco, mwachitsanzo, imatsatira Nasdaq-100, mndandanda wa makampani 100 akuluakulu a pamsika wa Nasdaq. Kampani imodzi ikagwa, thumba silifa. Komabe musadzinamize kuti mwabalalitsa ndalama mokwanira: makampani ochepa akuluakulu ndiwo amatenga gawo lalikulu la thumbalo, ndipo tekinoloje ikadwala amadwalira limodzi. Ndi bwino kuphatikizapo thumba lina lokhala ndi mabanki, makampani a mankhwala ndi a mafuta.

Pa za broker, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsika, musatumize ndalama musanaone chiphaso chake pa tsamba la bungwe loyang'anira msika m'dziko lomwe analembetsa. A ku America mungawafufuze pa BrokerCheck, tsamba la FINRA, bungwe loyang'anira ma broker kumeneko. Funsani zomwe amadula pogula, pogulitsa, posintha ndalama kupita ku madola, ndiponso potulutsa. Ngati amadula madola 5 inu mukugula za madola 50, mwataya kale 10 peresenti sheya isanasunthe. Amene si nzika ya America amadzaza fomu ya W-8BEN, ndipo msonkho wa 30 peresenti umachotsedwa pa dividendi (gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya), koma ungachepe ngati dziko lake lili ndi mgwirizano wa misonkho ndi America. Dividendiyo musaidalire kwambiri: Amazon sinaperekepo, Meta ndi Alphabet, mwini wake wa Google, anangoyamba mu 2024.

Tikuchenjezeni ndi mtima wonse: wina akakulonjezani pa WhatsApp kapena Telegram kuti mudzapeza phindu lotsimikizika sabata iliyonse, mutalikireni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pamsika wa masheya palibe angatsimikize phindu.

Funso: Ndinamva kuti sheya ya Nvidia inatsika mtengo kakhumi mu 2024. Ndiye kuti inatchipa? — Wophunzira

Yankho: Ayi. Mu Juni 2024 kampaniyo inagawa sheya iliyonse kukhala khumi. Amene anali ndi imodzi anakhala ndi 10, iliyonse mtengo wake gawo limodzi mwa magawo khumi a wakale, chuma chake osasintha. P/E nayo sinasinthe, chifukwa phindu la pa sheya imodzi linagawidwanso kakhumi. Chinasintha n'chakuti munthu wa ndalama zochepa akhoza tsopano kugula sheya yathunthu, ngakhale ma broker ambiri amagulitsa kale zidutswa za sheya.