Yankho kwa asisi a mazira 3 aja

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 40, AMH yanu (kuyeza magazi kosonyeza kuchuluka kwa mazira otsala) yatuluka 0.6, pa IVF yoyamba (njira yokumanitsa dzira ndi umuna mu labotale, kenako n'kuika mluza m'chiberekero) anangopeza mazira 3 ndipo sizinatheke, ndiye mukufunsa ngati mubwerezenso, komanso za ma fibroids (zotupa za m'chiberekero). Za ma fibroids ndisiyira ena. Ine ndiyankha za mazira ochepa, chifukwa njira imeneyo ndinaiyenda katatu.

Mukapita ku chipatala chilichonse, musalole akuwerengereni mimba. Afunseni za ana. Ife tinayambira pa chipatala china ku Johannesburg, dzina ndilisunga. Pa kapepala kawo panali nambala yaikulu yokoma m'maso, mpaka bambo akunyumba anati basi tafika. Ulendo woyamba anapeza mazira 2, palibe limene linakula kukhala mluza, ndinabwerera chimanjamanja. Wachiwiri anandiika mluza umodzi, magazi anasonyeza kuti ndaima, tinakwera basi tikuimba. Sabata ya 7 ndinapita padera kunyumba kwanga ku Area 25. Nditawaimbira n'kuwafunsa bwinobwino za nambala ija, anandiuza kuti amawerenga amayi amene aima mwa okhawo amene anaikidwa mluza. Ndiye taonani: ulendo woyamba sindinalowe n'komwe m'chiwerengero, wachiwiri anandiika m'gulu la opambana, pamene kumsana kunalibe mwana.

Funso lanu likhale ili, ndipo akuyankheni polemba: mwa amayi 100 a zaka zanga, ogwiritsa ntchito mazira awoawo, amene anayamba kubaya jekeseni okulitsa mazira, ndi angati anatuluka ndi mwana wamoyo? Akayamba kuzungulira, tengani chikwama chanu.

Kuti mukhale ndi poyerekezera, ku Britain ziwerengero za 2019 zinasonyeza kuti pa miluza 100 yoikidwa mwa amayi osakwana zaka 35, pafupifupi 32 inafika pobadwa mwana. Pa zaka 38 mpaka 39 inali 19, pa zaka 40 mpaka 42 inali 11, pa 43 mpaka 44 inali 5 yokha. Awatu ndi amayi onse pamodzi. Ife a mazira ochepa timatsikirapo, chifukwa nthawi zina sitifika n'komwe poikidwa mluza. Sindikukufooketsani, koma mulowe maso ali otsegula.

China chimene dokotala wa chipatala chachiwiri anandifotokozera, chomwe oyamba aja sanavutike nacho: AMH ndi zaka zimanena zinthu zosiyana. AMH imanena kuchuluka kwa chimanga chotsala m'nkhokwe, zaka ndiye zimanena ngati mbewuyo imera. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, opitirira 1 miliyoni, ndipo amangochepa, saonjezeka. Akamakula, mazira ambiri otsalawo amakhala ndi vuto la ma chromosome (tinthu ta m'dzira tonyamula chibadwa), n'chifukwa chake kupita padera kumachuluka tikadutsa 40. Madokotala a ku Ulaya anagwirizana ku Bologna, n'kuzisindikiza mu 2011, kuti mayi wa zaka 40 kupita m'mwamba, wopeza mazira 3 kapena kuchepera, wa AMH yotsika, akakhala ndi ziwiri mwa zitatuzi ndiye kuti thupi lake siliyankha bwino mankhwala. Inu muli nazo zonse. Mu 2016 kunabwera kagawidwe kena kotchedwa POSEIDON, kamene kamasiyanitsa osakwana zaka 35 ndi opitirira. Ine mwana wanga anabwera pa ulendo wachitatu, ndi mazira 2 okha, koma ndinali ndi zaka 34. Ndiye musatenge nkhani yanga ngati chikole, sitili m'gulu limodzi. Pa amayi amene tinkadikira limodzi pa benchi paja, ena mpaka lero alibe.

Chenjezo langa lalikulu lili pa mankhwala. Akaona mazira ochepa amathamangira kukweza mlingo. Ine anandifikitsa pa 450 IU tsiku lililonse, mimba yonse mabala a singano, ndalama zikupita ngati madzi, mazira omwe aja 2. Jekeseni sapanga mazira atsopano, amangokulitsa amene adzuka mwezi umenewo. Bungwe la madokotala a za ubereki ku Ulaya, ESHRE, linalemba mu 2019 kuti kupitirira 300 IU sikuthandiza amayi ngati ife. Ndiye palinso zoonjezera: DHEA, growth hormone, CoQ10, chilichonse ndi mtengo wake. Umboni woti zimabweretsa ana obadwa ndi wofooka. Musagule DHEA pa Facebook, ndi mankhwala a mahomoni amenewo, ena amamera nawo ziphuphu ndi tsitsi kumaso.

Ndaona mwa ena amene akuyankhani, wina akuti imwani zitsamba zotsuka chiberekero kwa miyezi 6, wina akuti gulani Clomid ku famasi. Pepani anzanga, chiberekero si poto. Clomid amathandiza mayi amene dzira lake silituluka mwezi ndi mwezi, saonjezera zimene zatha, ndipo samwedwa popanda sikani. Choopsa pa malangizo amenewa si ndalama ayi, ndi miyezi 6 imeneyo. Pa zaka 40 theka la chaka si lochepa. Kupemphera pempherani, ifenso tinkapemphera, koma tsiku la dokotala musalisinthe chifukwa cha mlaliki.

Ndalama: ife ulendo umodzi unkatidyera cha m'ma 80,000 rand kuphatikiza mankhwala, ndipo papita zaka, pano ziyenera kuti zakwera. Onjezanipo basi yodzera pa Dedza, Tete ndi Beitbridge, malo ogona masabata atatu, chakudya, ndi vuto lopeza ndalama zakunja lomwe mukulidziwa. Mukhale pansi ndi bambo musananyamuke, mugwirizane kuti tiyesa kangati ndipo ndalama yomaliza ndi iti. Mukakhala kumeneko mutu sugwira, chilichonse chimene dokotala wanena mumangoti eya. Ife tinagulitsa puloti. Katapila yekha musamuyandikire, ndikupemphani.

Kodi mubwereze? Ine ndinganene kuti kamodzi kapena kawiri, ngati thumba likulola, ndipo msanga, chifukwa mazira a mwezi uno ndi a mwezi wamawa safanana. Koma funsaninso za mazira opatsidwa ndi mayi wina wachitsikana. Pamenepo mwayi umatsatira zaka za wopereka, osati zanu, ndipo umakwera kwambiri. Ndikudziwa kuti ndi nkhani yolemera kwathu kuno, apongozi ndi alamu akamva sizitha bwino. Koma mimba ndi yanu, woyamwitsa ndinu, ndipo si onse ayenera kuuzidwa.

Bambonso ayezetse umuna konkuno ku Lilongwe musanawononge ndalama ya basi, atakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana. Ndi zotchipa poyerekeza ndi zinazo, koma amuna athuwa amafuna kuwakoka ngati mbuzi. Mazira akakhala 3 okha simufuna kudzamva za vuto la umuna pa tsiku lowachotsa. Folic acid yambani kumwa panopa, 400 mcg patsiku.

Pasipoti ya Malawi amadinda masiku 30 ku South Africa. Jekeseni amatenga masiku 10 mpaka 12, kenako kuchotsa mazira, kuika mluza pa tsiku la 3 kapena la 5, ndiye muwerengere bwino kuti mufike kumeneko msambo utatsala pang'ono kuyamba. Ndipo akakupatsani jekeseni ena oti mubwere nawo kuno, funsani amene amafuna fuliji. Ndi magetsi athuwa, ine ndinkasunga anga m'kabokosi kosunga kuzizira (cooler box) ndi mabotolo a madzi oundana.