Onse akweza manja, ine ndekha ndakana. Kodi wolakwa ndine?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Pa banki m'khonde yawo anzawo onse avomera kuti ndalama za gulu abwereke mlamu wa tcheya, yemwe si membala n'komwe, akagule soya ku Mitundu n'kudzagulitsa mtengo ukakwera. Iwo okha ndi amene akana, ndipo tsopano akunenedwa kuti ndi ansanje. Akufunsa kuti: poti onse akuti inde, kodi wolakwa si ine?

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa zimene ndinaona ku depoti, chakufupi ndi msika waukulu, ndikudikira minibasi ya ku Kawale. Wina anangokuwa kuti "Wakubaaa!" Mnyamata wina wonyamula jumbo ya tomato anachita mantha n'kuliyatsa liwiro. Basi, mlandu unathera pomwepo. Mavenda, oitanira, akabaza, ngakhale bambo wina wa tayi, onse pambuyo pake. Anamugwetsera m'mbali mwa ngalande, tomato mbwee pansi, patapata imodzi uko. Wina anali atayamba kale kufunsa za teyala. Ndiye mayi wina wogulitsa mandasi anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa pakati, n'kufunsa mokweza kuti: "Waberedwa ndani? Abwere pano anene chimene chasowa." Zii. Aliyense kuloza mnzake. "Ine ndangomva." "Ine ndaona anthu akuthamanga." Khwimbi lonse lija, woona ndi maso ake panalibe. Wokuwa uja anali atasowa kalekale.

Chiyambire tsiku limenelo ndikamva kuti "anthu onse akutero" ndimayamba ndafunsa: mwa onsewo, aganiza paokha ndi angati? Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi yathunthu inagwirizana kuti kuli anamapopa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Chaka chomwecho alimi a kum'mwera analira ndi nandolo. Aliyense anadzala poona kuti mnzake anapha makwacha zaka zam'mbuyo, kenako India, amene amagula nandolo wathu wambiri, anachepetsa wolowa m'dziko mwake ndipo mtengo unagwa chagada. Soya wa mlamu wa tcheyayo ali ndi pangano lanji ndi msika?

Ndikudziwa, wina andiuza kuti mutu umodzi susenza denga. N'zoona, ndipo sindikunyoza gulu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo oposa 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Koma taonani: zaka zonse zam'mbuyomo misonkhano inkadzaza, aliyense ali ndi khadi la chipani m'thumba, kuwomba m'manja limodzi. Mukanawerenga manja pabwalo mukanati dziko lonse lili mbali imodzi. Maganizo enieni anatuluka pamene munthu analowa yekha mokavotera, popanda diso la mfumu kapena la tcheyamani wa nthambi. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anasankha tambala, ndipo nawonso ananena zakukhosi kwawo. Voti yoteroyo ndimailemekeza.

Koma kukweza manja pakhonde, tcheya atayankhula kale, mlamu wake atakhala pampando pomwepo akumwa Sobo, imeneyo si voti. Ndikunenetsa, si voti. Ndi ulemu chabe. Ife Amalawi timaopa kuoneka amwano kuposa mmene timaopera kuluza ndalama. Theka la amene anakweza manjawo ali ndi ngongole zawo pagululo ndipo sakufuna kuyambana ndi wosunga buku. Ena amapemphera mpingo umodzi ndi tcheya. Ndipo mawu akuti "nsanje" amenewa amandinyansa, chifukwa ndi amene timatsekera nawo pakamwa aliyense wofunsa funso la nzeru. Kumaliro n'chimodzimodzi, ukangofunsa kuti chipepeso chayenda bwanji, wasanduka mfiti. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga mutani?

Kukhala nokha si umboni woti mwalondola, musadzinamize. Mwina soyayo akweradi. Koma ndalamazo ndi zanunso, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsegulani buku la malamulo a gulu lanu; magulu ambiri salola kubwereketsa munthu wakunja. Pemphani kuti muvotenso pa timapepala, mlamuyo kulibe, tcheya avote komaliza. Akapambanabe, pakhale chikole, tsiku lobweza lilembedwe, tcheya asayine ngati mboni yoti adzalipira mlamu akathawa, ndipo kukana kwanu kulowe m'maminitsi. Akakana zonsezi, dikirani tsiku logawana mu Disembala, mutenge masheya anu, mukafune gulu lina.