Funsani za Masewera: Tchesi ya pa bolodi lopanda malire

Aphunzitsi a ku Linthipe, Dedza, afunsa: Ana a m'kalabu yathu ya tchesi amva kuti kuli tchesi yoseweredwa pa bolodi lopanda malire. Lathu ndi la mabokosi 64. Tiyambire pati?

Zikomo aphunzitsi. Bolodi lopanda malire palibe angalipale, koma mutha kusewera ngati lilipo. Jambulani ndi choko pa simenti mabokosi 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, kapena lumikizani mapepala a timabokosi a m'kope la masamu. Pakati penipeni dindani mwamphamvu mabokosi 64 aja, ndipo ndandalikani zidutswa monga mwa masiku onse. Chidutswa chikafuna kutuluka kunja kwa zomwe mwajambula, chiloleni.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa zilembo a mpaka h zimatha. Bokosi lililonse lipatseni manambala awiri: a1 akhale (1,1), h8 akhale (8,8). Kumanzere kwa a ndi kunsi kwa mzere woyamba werengani 0, -1, -2, n'kumapitirira. Ruku ikapita kutali, mwachitsanzo pa (40,3), ichotseni pansipo, muiike pa pepala lomwe mwalembapo manambala ake, poonekera kwa onse awiri. Mukaibisa m'thumba mudzaiiwala, ndipo mkangano udzabuka ikadzatulukira ndi cheki. Bishopu wakutali mumamudziwa ndi masamu: manambala ake onse awiri amasintha ndi mlingo wofanana, choncho wa pa (-10,-10) amaloza (1,1) mpaka (8,8) ngati panjira palibe chotchinga.

Musanayambe gwirizanani kuti poni ikwezedwa pa mzere 8 kwa oyera ndi mzere 1 kwa akuda. Mukapanda kutero idzangoyenda osafika.

Wowerenga wa ku Bembeke afunsa: Akuti mumakhala zidutswa zachilendo. Zimayenda bwanji, nanga tizipeza kuti?

Achimwene, musavutike n'kugula. Zitsekerero za mabotolo zomwe mumasewerera drafuti n'zokwanira: lembani chilembo pamwamba, za mbali ina muzitembenuze chagada.

Yambani ndi chansala, yemwe amayenda ngati ruku komanso kudumpha ngati hatchi. Ameneyu si wadzana: José Raúl Capablanca wa ku Cuba, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, adamuika m'tchesi yake pamodzi ndi akibishopu, yemwe ndi bishopu wophatikiza ndi hatchi. Mlonda amayenda bokosi limodzi mbali iliyonse ngati mfumu, koma akadyedwa masewera amapitirira. Kabawi, yemwe pachingerezi ndi hawk, amadumpha mabokosi 2 kapena 3 mowongoka kapena mopingasa, ngakhale pakati pali zidutswa. Cheki yake sungaitchinge. Uyenera kuthawa kapena kumudya.

Chovuta kwambiri ndi huygens, dzina lochokera kwa Christiaan Huygens, wasayansi wa ku Netherlands. Chimadumpha mowongoka mabokosi a nambala yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 5, 7, 11, 13, 17. Ena amawerengera 2 ndi 3 yemwe, ena ayi, ndiye mupangane kaye. Chikhoza kukudyera mfumukazi kuchokera mabokosi 17 kutali, pomwe chomwe chili pa mabokosi 9 kapena 15 sichikhudzidwa. Lembani manambalawa mpaka 31 pa katoni, muwaike pambali pa bolodi.

Langizo lathu n'lakuti muonjeze mtundu umodzi wokha pa masewera amodzi, ziwiri mbali iliyonse, muziike pambali pa maruku chakunja. Mukathira zonse nthawi imodzi, ana amataya zidutswa chifukwa choiwala kayendedwe kake, osati chifukwa chopambanidwa nzeru.

Mayi wina wa ku Mtakataka afunsa: Mwana wanga adatsala ndi mfumu ndi mfumukazi, mnzake mfumu yokha. Adathamangitsana mpaka dzuwa kulowa. Adalakwitsa pati?

Mayi, mwanayo sadalakwitse, ndipo mumuuze zimenezo. Pa bolodi wamba mfumu imagwidwa poipanikizira kumphepete. Kuno mphepete kulibe. Mfumu ili ndi mabokosi 8 oizungulira, kuphatikizapo lomwe yaimapo akhala 9, ndipo onsewo ayenera kutsekedwa ndi zidutswa zanu. Mfumu yanu imatseka atatu okha ikayandikira. Mfumukazi muiike paliponse, padzatsalabe khomo, kapena idzakhala yopanda woiteteza n'kudyedwa. Masewera otere ndi ofanana mphamvu, agwirane chanza.

Khoma lomwe likusowalo mumamanga nokha, ndipo omanga ake ndi maruku. Ndi maruku atatu zimatheka popanda ngakhale thandizo la mfumu. Imodzi iime pa mzere wa kumtunda kwa mfumu ya mdani, ina pa wa kumunsi, zonse zili patali. Muzisendeza mizereyo pang'onopang'ono mpaka mfumu itsale m'kanjira ka mzere umodzi, kenako yachitatu ilowe mu mzere womwewo ndi cheki. Cholakwika chofala ndi kuika ruku pafupi, mfumu n'kuiyandikira mopingasa n'kuidya. Ikayandikira, ruku ithawire kutali pa mzere wake womwewo, khoma silisuntha.

N'chifukwa chake mtengo wa zidutswa umasintha. Hatchi, yomwe pa mabokosi 64 timaiyesa yofanana ndi bishopu, imatsika kwambiri chifukwa imachedwa kufika nkhondo ikasamukira kutali. Poni imakwera mtengo masewera akamatha, popeza ndiyo ingakupatseni chidutswa chachikulu chowonjezera. Osathamangira kusinthanitsa maruku mukakhala patsogolo. Ndipo sungani lamulo lakale lija: mbali iliyonse ikayenda ka 50 popanda kudya kapena kusuntha poni, wosewera akhoza kupempha kuti masewera athe mofanana.